Mudzi ukutukuka ndi khasu kapena ndi njinga ya kabaza?

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Moni nonse pagulu pano. Tithandizane maganizo pa nkhani iyi. Chipezereni ufulu mu 1964, boma lililonse lakhala likunena kuti chitukuko cha kumudzi chagona pa ulimi. Kamuzu ankati chuma chili m'nthaka. A Muluzi anabwera ndi sitata paki ndi MASAF, a Bingu makuponi, a Chakwera pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP ndi minda ikuluikulu ya ma mega farm. Koma tayendani m'midzi muone. Nyumba zambiri zamalata sizinamangidwe ndi ndalama ya chimanga. Mwini wake ali ku Joni, kapena ali ndi njinga yamoto, kapena okala pa msika. Kodi tizinenabe kuti ulimi ndiwo udzadzutse mudzi, kapena nthawi yake inapita, tikungochita manyazi kuvomera?

Wakabaza wa ku Mitundu: Aphunzitsi mwalasa. Ine munda ndinasiyira mayi. Njinga imandipatsa ndalama tsiku ndi tsiku, munda umandipatsa kamodzi pachaka, mvula ikafuna.

Nachisale: Kkkk ndiye nsima imene umadya madzulo imamera pa njingapo?

Wakabaza wa ku Mitundu: Ndimagula ufa mayi, osadandaula.

Nachisale: Ugulabe mwana wanga, bola enafe tisaleke kulima.

Mlangizi Wopuma: Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino koma mwaika zinthu zosiyana mu dengu limodzi. Mundilole nditalikitseko, ine ntchito yaulangizi ndinaigwira nthawi imene ambiri pano munali musanabadwe.

Zimene boma linkachita m'zaka za m'ma 1970 ndi zimene likuchita lero si zofanana, ngakhale onse amatchula ulimi. Lilongwe Land Development Programme itayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, sinabwere ndi feteleza yekha. Inalambula misewu yam'midzi, inakumba zitsime, inamanga misika, inakonza ngalande zoteteza nthaka, inaika alangizi. Mapulojekiti ofanana nawo anali ku Chigwa cha Shire, ku Salima ndi ku Karonga. Maganizo a nthawiyo anali akuti mlimi sangatukuke ndi chinthu chimodzi, zonse ziyendere limodzi. Chakumapeto kwa zaka zomwezo anaona kuti madera anayi okha akudya ndalama zambiri pamene ena ali chete, ndiye anagawa dziko lonse m'zigawo 8 za ulimi, ma ADD aja, m'kati mwake muli madera ang'onoang'ono a ulangizi otchedwa ma EPA.

Mlimi ankalowa kalabu. Kalabu inkatenga ngongole ya mbewu ndi feteleza, kubweza pokolola. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inali ndi msika pafupi, woti mayi asenze dengu n'kukafika. Ine ndinkadziwa munda wa mlimi aliyense m'dera langa, ndinkafika ndi chingwe choyezera mizere. Lero mlangizi mmodzi ali ndi midzi yoti sangaimalize ngakhale atamupatsa njinga yamoto ndi mafuta, zomwenso sapatsidwa.

Mwana wa ku Bunda: Agogo, ndi ulemu wonse, mwatiuza mbali yokoma yokha. ADMARC yomweyo inkagula fodya, thonje ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, n'kukagulitsa kunja pa mtengo wabwino, phindu lake n'kumathandizira ma esiteti a akuluakulu. Munthu wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale pamunda pake mpaka 1990. Akafuna kulima bale ankapita kukakhala tenanti ku Kasungu kapena ku Mchinji. Ndiye mudzi unkadyetsa esiteti.

Mlangizi Wopuma: Wanena zoona mdzukulu, sindikutsutsa. Ndiwonjezere pomwepo: ngongole ija inkabwezedwa bwino chifukwa cha mantha. Mmodzi akalephera, kalabu yonse siinkalandira chaka chotsatira, ndiye anzake omwe ankapita kukamulanda mbuzi, ena mpaka kuzula chitseko. Ndinaziona ndi maso. Chilala cha 1992 chitabwera, kenaka ndale za matipate, anthu anayamba kumva kuti ngongole ya boma sabweza, dongosolo lonse linagwa m'zaka ziwiri zokha. Koma mfundo yanga ndi iyi: pochotsa zoipazo anachotsera limodzi msika, ngongole ndi mlangizi. Chimene chinabwerera ndi feteleza yekha.

Phiri wa ku Joni: Pamenepo ndiye pali nkhani. Ine chaka chilichonse Okutobala akakwana foni siikhala chete. "Achimwene feteleza wakwera." Ndimatumiza. Epulo akuti takolola. Disembala foni ina, "achimwene ufa watha." Ndiye ndimadzifunsa, si bwino ndingowagulira chimanga kamodzi n'kusiya za feteleza? Munda uja ukudya ndalama zanga, sukubala ndalama.

Nachisale: APhiri, funsani bwino kumudziko kuti chimanga chimapita kuti pakati pa Epulo ndi Disembala. Ndikuuzeni ine. Mwezi wa Epulo ndi Meyi mavenda amafika m'mudzi momwemo ndi sikelo yokoloweka pa mtengo. Chimanga chisanaume n'komwe, iwo ali kale pansi pa mtengo wa mango ndi ndalama m'manja. Mwana akufuna fizi ya temu yachitatu, sopo watha, amene munakongola kwa iye pa njala ija waima pakhomo. Mumagulitsa. Sikelo yawonso mukaika ndowa imene mukuidziwa bwino kulemera kwake, imaonetsa zina. Mukadandaula akuti pitani kwina, kwinako kulibe. Msika wa boma umatsegulidwa mochedwa, ife titagulitsa kale. Kenaka Januwale chimanga chomwe chija timakachigula kwa venda yemweyo pa mtengo wowirikiza kawiri kapena katatu, ndalama yake yochokera kuganyu, ganyunso wa m'munda wa munthu wina pamene wathu ukufuna kupalira. Vuto si kulima ayi. Timalima. Vuto ndi miyezi iwiri ija yokolola.

Phiri wa ku Joni: Mayi mwandiyankha zimene achibale anga sanandiuzepo.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Komabe tisawanyoze makuponi. Amene anaona njala ya 2002 amadziwa. Anthu ankadya zitsa za nthochi ndi gaga, maliro tsiku ndi tsiku. Sitata paki ya 1998 inkafika pafupifupi banja lililonse, kathumba ka feteleza makilogalamu 15, mbewu ya chimanga makilogalamu 2 ndi nyemba pang'ono. Ataichepetsa kuti izipita kwa osankhidwa okha, njala sinachedwe. A Bingu atayambitsa makuponi mu 2005, opereka thandizo ambiri sanakondwe nazo, koma nkhokwe zinadzaza, mpaka tinagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Thumba la feteleza wa kuponi pofika 2009 linali K500. Zimenezi zinachitika ndithu.

Mwana wa ku Bunda: Zinachitika aphunzitsi, ndipo mvulanso inagwa bwino zaka zimenezo, tisaiwale. Koma taonani masamu ake. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo oposa 80 mwa 100 alionse ali kumudzi. Dziko silinakule. Munda umene agogo ankalima okha lero agawana zidzukulu, aliyense kachigawo kosakwana hekitala. Pa kamunda kotero, chimanga ngakhale chibereke bwanji, chingakudyetseni koma sichingakulemeretseni. Kuponi ndi chithandizo choti anthu asafe ndi njala, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yabwino. Cholakwika n'chakuti tinaitcha chitukuko, n'kumaipatsa gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe chaka ndi chaka, kafukufuku, ulangizi ndi ulimi wothirira n'kumatola zotsala. Feteleza yensenso timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. AIP inayamba mu 2020 thumba lili K4,495. Patangopita zaka ziwiri linali K15,000, olandira n'kuchepa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogula yekha kusitolo ndiye analira zenizeni.

Nachisale: Ndipo kulandira kwake si masewera. Ine ndinagonapo pa depoti, chitenje chomwecho chofunda, kudikira netiweki. Kukacha akuti makina sakugwira. Tsiku lina akuti wabwera wa UREA yekha, wokulitsa kulibe. Anyamata ena ali pambali akuti tipatseni kenakake tikulowetseni kutsogolo. Pofika tsiku lopeza thumba, chimanga chili m'mawondo, chachita chikasu. Chaka chotsatira dzina langa silinatuluke n'komwe. Pano ndimapanga feteleza wa mbeya basi.

Wakabaza wa ku Mitundu: Mbeya uja amagwiradi ntchito mayi? Ine ndimayesa nkhambakamwa za mabungwe.

Nachisale: Amagwira ukapanga bwino. Ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku zouma, zopondaponda, gaga, phulusa, ndi feteleza wa kusitolo pang'ono. Kusakaniza, kuwaza madzi oti ukafumbata zigwirane koma osadontha, kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga zolimba, kuika pamthunzi masabata atatu. Thumba limodzi la kusitolo limabala matumba angapo. Safika pa feteleza weniweni, ndisakunamize, koma nthaka imafewa, chinyezi chimakhalitsa. Vuto lake gaga yemweyo nthawi ya njala ndi chakudya, ndiye umayamba wayang'ana ana usanathire m'thumba.

Mlangizi Wopuma: Ndibwerere kwa mnyamata wa kabaza. Mwana wanga, tandiuze zoona, ndi miyezi iti imene umapanga ndalama zambiri?

Wakabaza wa ku Mitundu: Meyi mpaka Ogasiti bambo. Soya ndi mtedza zikayamba kugulidwa, fodya akalowa ku okushoni, sindipuma. Ena kunyamula matumba, ena kukagula malata, ena kumowa kkk. Januwale ndi Febuluwale timangokhala pa siteji kusewera bawo. Munthu amayenda wapansi makilomita 10 kuopa kulipira.

Mlangizi Wopuma: Wadziyankha wekha. Ndalama imene umati si ya ulimi ndi ya soya yemweyo, yangodutsira m'thumba la mlimi. Waokala, wachigayo, telala, womanga nyumba, wometa, onsewo amadya pamene mlimi wagulitsa. Aphunzitsi, nyumba zamalata zija n'zoona kuti sanamange ndi chimanga cha pamunda pawo, koma kupatula za ku Joni, zambiri anamanga ndi ndalama ya alimi anzawo.

Wakabaza wa ku Mitundu: Apa ndiye mwandigwira pakhosi bambo. Komabe kumunda sindibwerera.

Mwana wa ku Bunda: Ndipo usabwerere achimwene. Sitingakwane tonse m'minda. Chofunika n'chakuti otsala m'mundamo azipeza zokwanira kukulipira iwe.

Mbewe wa ku Nchalo: Mwakamba za kumtunda, tsopano mumve za kuno kuchigwa. Ife kuponi ya feteleza siitithandiza kwenikweni, nthaka yathu ndi yachonde kale. Chathu ndi madzi: akasowa asowa, akabwera abwera ndi nyumba zomwe, ngati muja anachitira namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndiye maso athu ali pa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kutsika nawo ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, malo opitirira mahekitala 40,000 ikadzatha yonse. Dongosolo lake n'lakuti anthu aphatikize minda yawo, apange kopaletivi, alime ngati famu imodzi yaikulu, azigawana phindu molingana ndi malo amene aliyense anaikamo. A ku Phata anayamba kale zoterezi ndi nzimbe zogulitsa ku fakitale ya shuga, ndipo amalandira ndithu. Koma akuluakulu ambiri mtima uli m'mwamba. Munthu anazolowera kuloza kuti munda wanga ndi uwu, malire ndi mtengo uwo. Lero akuti malire afafanizidwe, usunge pepala. Akufunsa kuti komiti ikadzaba, kapena mtengo wa mbewuyo ukadzagwa, ndidzalima pati mapira anga?

Mlangizi Wopuma: Mantha amenewo si a umbuli aMbewe. Masikimu a mpunga monga Muona, Domasi, Likangala, Limphasa, Hara ndi Wovwe anayenda bwino pamene boma linkakonza ngalande. Atawapereka m'manja mwa alimi kuti aziyendetsa okha, ena anapirira, ena ngalande zinadzaza mchenga. Kumanga n'kosavuta, opereka ndalama amakonda kudula riboni. Za kukonza pakatha zaka 10 ndiye palibe amazifuna.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Ngati Mwandama ku Zomba. Mudzi uja wa Millennium Village unatchuka dziko lonse, mpaka Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations panthawiyo, anafika mu 2010. Feteleza, sukulu, chipatala, nkhokwe ya mudzi, zonse pamodzi, monga momwe bambo Mlangizi amanenera za Lilongwe. Funso limene anthu ankafunsa nthawi yomweyo n'lakuti ndalama zoterozo zingapezeke zokwanira midzi yonse ya m'Malawi?

Tembo wa ku Chipata: Ndalowa mochedwa, pepani. Kuno ku Zambia nyimbo ndi yomweyo, pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya FISP tili nayo, ndipo pali njira yoti alimi azikasankha okha kwa ogulitsa. Kusiyana kwake FRA, bungwe la boma losunga chakudya, imagula chimanga chambiri, ndiye mlimi amadziwa kokagulitsa, ngakhale malipiro nthawi zina amachedwa mpaka mvula kuyandikira. Koma nafenso timadandaula kuti ndalama zonse zikuthera pa chimanga. Ndipo chimanga chathu chambiri mumadya ndinu, chimadutsa pa Mwami ndi m'tinjira tina tosatchula kkk.

Nachisale: Tithokoze a Tembo, mumatisunga.

Phiri wa ku Joni: Nanga bwanji osangosiya chimanga n'kulima za ndalama? Ndimamva za soya, nandolo, mtedza.

Mphunzitsi wa ku Thyolo: Funsani a ku Mulanje, Phalombe ndi kuno za nandolo. Anatilimbikitsa kuti msika ulipo ku India, ndipo kwa zaka zingapo unalipodi, anthu anagula njinga ndi malata. Mu 2017 India anachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo unagwa pansi, anthu anangounjika matumba m'nyumba mpaka anankafumbwe. Chaka chotsatira aliyense anabwerera ku chimanga. Munthu amene anapsa choncho simungamuuze kuti asiye chakudya adalire msika. Kunonso nthochi zinali ndalama ya tsiku ndi tsiku, matenda a chisaka anazimaliza, lero m'misika ya m'tauni mwadzaza nthochi za ku Tanzania. Amene akupumako ndi a ng'ombe za mkaka, chifukwa mkaka amakapereka ku malo oziziritsira m'mawa uliwonse ndipo galimoto imabwera kudzatenga. Koma uyo alibe malo odzala nsenjere sangaisunge ng'ombeyo, ndipo kuno malo abwino ambiri ali ndi tiyi.

Mwana wa ku Bunda: Mkaka womwewo ukuonetsa chimene chimasowa kwina: wogula wodziwika, malo osungira, ndi msewu wofika. Tomato wa pa Jenda, kachewere wa ku Tsangano, kabichi wa pa Lizulu, mpunga wa Kilombero ku Karonga, palibe analandira kuponi kuti alime zimenezo. Anaona kuti galimoto zikuima. Ndikanakhala ine, theka la ndalama za feteleza ndikanaika ku misewu yam'midzi, magetsi ndi alangizi, osaukitsitsa n'kuwaonjezera Mtukula Pakhomo. Uja anayamba ngati kuyesa chabe ku Mchinji mu 2006, lero ali m'maboma onse, ndipo agogo amene sangathe kugwira khasu ndalama imawathandiza kuposa thumba limene amangoligulitsa kwa venda.

Mbewe wa ku Nchalo: Ukanene zimenezo pa msonkhano wa kampeni uone ngati ungapeze voti achemwali.

Mwana wa ku Bunda: Kkk n'chifukwa chake sindidzaima nawo.

Nachisale: Inetu theka limenelo sindingalole msanga. Feteleza ndimamuona, ngakhale abwere mochedwa. Msewu mungandilonjeze, ndalama n'kuthera m'maofesi. Mu 1998 anati mphamvu zapita ku anthu, tipange makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, ma VDC ndi ma ADC, chitukuko chizichokera pansi. Ife tinakhala pansi, tinalemba kuti tikufuna mlatho pa kamtsinje kamene kamatitsekera kumsika nthawi ya dzinja. Tinaumba njerwa, tinatuta mchenga. Kunabwera chimbudzi cha pamsika, chifukwa ndi chimene wina kumwambako anali atakonza kale. Mchenga uja unakokoloka ndi madzi. Ndiye mukati chotsani kuponi tikupatseni msewu, yambani mwamanga msewuwo ndiuone.

Mlangizi Wopuma: Mayi Nachisale akunena zimene alimi akhala akunena kuyambira nthawi ya malimidwe, atsamunda akumanga anthu chifukwa chosapanga migula. Migulayo inali yabwino, koma inabwera ndi chikoti, anthu anaida. Mapulani onse amene ndawaona, kuphatikizapo Malawi 2063 imene inakhazikitsidwa mu 2021, amalembedwa bwino. Akuti ulimi ukhale bizinesi, tikonze katundu kuchokera ku mbewu zathu, timatauni ting'onoting'ono tikule. Palibe angatsutse. Koma ma mega farm amandikumbutsa ma esiteti aja. Ngati wamkulu alima mahekitala 500 ndipo oyandikana naye akupeza msika, mbewu ndi thirakitala kudzera mwa iye, zili bwino. Ngati akungowalemba ganyu, tabwerera ku utenanti.

Phiri wa ku Joni: Ndiye ine ndipange bwanji chaka chino? Nditumize feteleza kapena ayi?

Nachisale: Tumizani aPhiri, koma musungeko ina ya Meyi. Muwauze kuti fizi ndi ngongole mulipira ndinu, chimanga asagulitse ngakhale ndowa imodzi, athire mankhwala kapena agule matumba aja osalowa mpweya. Muone ngati Disembala foni ilire. Ife ku banki mkhonde tinasintha, m'malo mogawana ndalama zonse Disembala, timasiyako zina zobwereketsana nthawi yokolola kuti munthu asathamangire kwa venda.

Mwana wa ku Bunda: Mayi, gulu lanulo bwanji osalilembetsa kukhala kopaletivi? Amalembetsa ku unduna wa zamalonda. Mukasonkhanitsa soya wanu pamodzi mungathe kukasunga ku nyumba zosungira katundu zimene zimapereka risiti, monga za ACE, bungwe la msika wa zokolola, n'kudikira mtengo ukwere, kapena kugulitsa mwachindunji kwa opanga mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku ku Kanengo.

Nachisale: Tinakambiranapo mwana wanga. Tilipo amayi 22. Amene angathe kudikira mpaka Seputembala osagulitsa sapitirira asanu. Enawo soya akangomenya, mawa lake ali pa sikelo. Ndiye galimoto yopita ku Kanengo tidzaza ndi chiyani? Komanso wosunga ndalama za gulu lonse akhale ndani, poti kopaletivi ya mudzi woyandikana nafe inatha chifukwa cha wapampando ndi msungichuma.

Wakabaza wa ku Mitundu: Mukadzayamba mundiuze mayi, matumba ochokera m'midzi kufika pamsewu ndizidzanyamula ine. Koma mtengo wa dzinja ndi wina, matope aja amadya matayala.

Nachisale: Soya sanyamula dzinja iwe. Ukuoneka kuti kumunda unachokadi kalekale.